Ludzu la Amake Lute pa Msewu wa ku Lusaka

Chilonda chinayambira pa kachala kakang'ono ka phazi lamanzere. Mkazi wanga, amake Lute, anaponda chiputu m'munda mwathu ku Madzimoyo koma sanamve chilichonse, poti matenda a shuga anali atawachititsa dzanzi mapazi onse awiri. Tinadzazindikira patapita masiku, nsapato itakana kulowa. Miyezi iwiri tinayenda ku chipatala: kutsuka, kumanga, mapilisi, kutsukanso. Kenako dokotala anatiitanira m'kachipinda kake natipatsa kalata. Anati ku Lusaka kuli madokotala odziwa za mitsempha ya magazi, mwina iwo angapulumutse phazilo. Tikachedwa, palibenso zokambirana, adula. Anatiuza kuti sabata isathe tili kuno.

Amake Lute anali pa jakisoni wa insulini chaka chachinayi, m'mawa ndi madzulo, ndipo wobaya ndinali ine. Kabotolo kake tinali kukasunga mumtsuko wa mchenga wonyowa kuseri kwa chitseko. Timapepala toyezera shuga mumkodzo tinali titatithera kuyambira nthawi yokolola, m'masitolo a mankhwala osapezeka, ndiye tinali kungoyendera maso.

Unali mwezi wa Okutobala, m'zaka zija mabasi a boma atangotha, pamene aliyense wa kandalama anali kugula chibasi chakale n'kulembapo dzina la mwana wake. Tinakagona ku Kapata, m'tauni ya Chipata, kwa mlamu wanga kuti tilawirire malo abwino. Wogulitsa matikiti anandiuza mtengo wosiyana ndi umene anandiuza Lolemba. Ndinakangana naye mpaka anthu anasonkhana, kenako ndinalipira. Analumbira kuti basi inyamuka faifi koloko.

M'mbandakucha, mkazi wa mlamu wanga anaphika phala la mgaiwa lopanda shuga. Amake Lute anakankha mbale.

"Sindidya, atate ake Lute. Ndikadya ndivutika m'njira."

"Nanga jakisoni?"

"Inu ndiye mudziwa."

Ndinali kuganiza kuti ndidziwa. Chaka chapitacho ndinawabaya asanadye, pothamangira ku maliro, ndipo anagwa pakati pa anthu thukuta lili kamukamu. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziikira lamulo langalanga, lakuti popanda chakudya palibe jakisoni. Asisita a ku chipatala anali atandiuzapo kuti munthu akakhala ndi chilonda kapena malungo shuga amakwera yekha ngakhale asadye, ndipo jakisoni salumpha. Ndinamva ndithu. Koma ine ndinali nditaona ndi maso anga munthu akugwa, ndiye ndinakhulupirira maso angawo. Ndinakulunga kabotolo m'kansalu konyowa, n'kukaika m'chitini, n'kudzaza chigubu cha madzi.

Faifi koloko inakwana, sikisi, seveni. Basi inali kuliza injini, kuyenda pang'ono kutsogolo, kubwereranso m'mbuyo, kunamiza anthu kuti ikupita. Theka la okhala m'mipando sanali a paulendo ayi. Anali amuna olembedwa ganyu kuti basi ioneke yodzaza, ndipo wokwera weniweni akabwera mmodzi wa iwo anali kutsika akuyasamula. Tinanyamuka eyiti itadutsa, dzuwa litayamba kale kuluma.

Mpando wathu unali wa anthu atatu. Amake Lute anakhala pawindo, ine pakati, kumapeto a Mbewe, mkulu wa mpingo wathu, amene anali kupita kukaona mwana wawo ku Kafue. Kumbuyo kwathu kunali mayi Daka, wamalonda, munthu wa pakamwa, amene anali atatsendera pansi pa mipando yathu mapaketi a shuga amene anaolotsa mozemba pa malire a dziko pa Mwami. Anatipempha kuti tisawaponde, ndipo anatiuza mbiri ya asilikali onse a pachipata paja ife osafunsa.

Pano ndinene za mkazi wanga. Ndi mwana wa mphunzitsi wa misheni, wa chigwirizano cha amayi ku tchalitchi. Pa zaka zonse za ukwati wathu sindinawamvepo akutchula chimbudzi pamaso pa mwamuna, ngakhale ine. Amangoti, "Ndikaone kuseri." Ndipo wosawadziwa matendawa amve: shuga akakwera munthu amamva ludzu losatha. Akamwa amataya madzi, akataya ludzu libweranso. Thupi limakhala likuyesa kutsuka shugayo, ndipo madzi amene akumwawo ndiwo amamugwira kuti asaume.

Tinadutsa pakwathu pa Madzimoyo, pomwe tinachoka dzulo lake, ine ndikutukwana chamumtima poona denga la nyumba yanga. Titangopitirira Mtenguleni amake Lute anandigwira mkono. Ndinadziwa. Ndinapita kwa kondakitala, bambo wa kachipewa kofiira amene anali kutafuna kamtengo ka machesi.

"Katete, amdala," anatero osandiyang'ana.

Anapirira mpaka Katete. Pamenepo anatsika ndi ndodo yawo, kukoka phazi lomanga bandeji mpaka kuseri kwa sitolo, ndipo dalaivala anali kuliza hutala asanabwere n'komwe. Atakwera anamwa makapu awiri. Sitinafike ngakhale pa Sinda, anandigwiranso mkono.

"Bwana kondakitala, tiimeko pang'ono. Amayi afuna kutsika."

"Omwe aja? Amdala, iyi ndi basi ya ku Lusaka, si ngolo ya ng'ombe. Kodi amayi anamwa mtsuko wonse wa thobwa?"

Anthu angapo anaseka. Chimene chimandigwira pa nthawi yotere ndimachidziwa bwino. Kumutu kumatentha, makutu amatseka. Ndinaimirira pakati pa basi n'kulankhula ngati ndili pa msonkhano wa chipani.

"Iwe, mkazi wanga ali ndi matenda a shuga. Amakodza kakhumi masana, usiku kasanu. Chikhodzodzo chake sichisunga kanthu. Ufuna akodzere pampando pano, pamapazi pa akulu a mpingo awa? Imitsa basi, apo ayi ndikuponyera pawindo ndi kachipewa kako komweko."

A Mbewe anayamba kufufuza m'thumba la jekete chinthu chimene munalibe. Kenako wina kumbuyo anabwereza motsitsa mawu kuti, "Kakhumi," anzake n'kuphulika nako kuseka.

Dalaivala anaima pompo, mwadala, pamalo a mbee, minda yotentha moto, popanda ngakhale chitsamba chobisa mbuzi. Amake Lute anaimirira. Anayenda mpata wonse wa pakati pa mipando, kulumpha matumba ndi nkhuku, nkhope ili pansi. Mayi Daka anawatsatira atanyamula chitenje, n'kukaima nacho chotambasula ngati mpanda. Mawindo onse a mbali imeneyo anadzaza mitu.

Pobwera mayi Daka anaima pa ine.

"Atate, mkazi savulidwa pagulu choncho."

"Ndanama pati?"

"Simunaname."

Amake Lute anakhala pansi. Chigubu chija chinali pamiyendo pawo kuchokera ku Chipata. Anachinyamula n'kuchiika pamapazi panga.

"Sungani inu."

Kuchokera pa Sinda mpaka pa mphambano ya Petauke msewu unali maenje okhaokha, moti dalaivala anasiya phula n'kumayenda m'mphepete, fumbi likulowera pansi pa basi. Ine mumtima ndinali wokondwa, ndisaname. Kondakitala sanali kundiyang'ananso, ndipo ndinati ndamuphunzitsa. Kawiri ndinafunsa amake Lute ngati amwako madzi. Kawiri konse anati, "Ndili bwino." Sanandigwirenso mkono. Ndinati zinthu zakhazikika.

Pa Nyimba tinafika cha m'ma wani koloko. Amayi a nthochi anazinga basi, mikoko ikulowera m'mawindo, ndipo anthu onse anatsika kukadya ndi kukadzithandiza. Amake Lute anakana. Anati phazi likupweteka. Phazi limenelo linali lisanamve kupweteka chaka chonse, ndipo ine, amene ndinafika Fomu Faifi, sindinaime kuganiza. Ndinawagulira dzira lowiritsa. Analuma kamodzi, kutafuna, kutafuna, osameza. Anabisa chotsalacho m'kansalu. Ndinawakalipira kuti ndi amakani, ndinadya nthochi zanga.

Titadutsa Kacholola, m'mapiri muja msewu umakhotakhota, basi inayamba kufuka nthunzi pa chitunda china n'kuima. Paipi ya madzi a injini inali itang'ambika. Dalaivala anaimanga ndi mphira wa chubu, koma madzi othiramo panalibe, ndipo timitsinje tonse ta kumeneko tinali mchenga wokhawokha. Kondakitala anayamba kusonkhanitsa madzi a anthu, wa botolo, wa chigubu. Anafika pa ine atavula chipewa.

"Amdala, chigubu chija. Tikapanda kuthira tigona pano."

Anthu onse tinali titatsika, kupatula amake Lute. Ndinapita pawindo pawo.

"Mumwa madziwa?"

Anapukusa mutu.

Ndinamuponyera kondakitala chigubucho pamapazi. "Tenga, uthire m'chigaza cha basi yakocho."

Anathira. Basi inalira, inayenda mtunda woti mwala n'kufikapo, mphira uja unaduka, ndipo madzi a anthu onse anathera paphula ife tikuona. Dalaivala anakwera galimoto yobwerera ku Nyimba kukasaka paipi.

Kutentha kwa m'chigwa cha Luangwa mu Okutobala sikuli ngati kwa kwathu. Mitengo inalibe masamba, mthunzi unali mizeremizere, ndipo ntchentche zoluma zinali kutipeza ngakhale m'kati mwa malaya. Anthu anakwawira pansi pa basi. Ine ndinabwereranso pawindo.

"Amake Lute, tsikani. Mupsa m'menemo."

"Ndili bwino pano."

"Mufuna ndikunyamuleni?"

"Ndisiyeni, atate ake Lute."

"Khalani ndiye."

Ndinawasiya. Ndinapita kukamufunsa kondakitala kuti ndi basi yanji imene imayenda ulendo wa tsiku lonse popanda paipi yapadera. Iye anati ndikafunse mwini wake ku Lusaka. Ndinamufunsa ngati mwini wakeyo anabadwa ndi mutu. Amuna ena anandithandiza, ena anamuikira kumbuyo, ndipo mkanganowo unatikoma moti unatha ola lonse ndi kupitirira.

Mayi Daka ndiwo analowa m'basi, kukaona ngati shuga wawo sakusungunuka. Atatuluka anandikokera pambali.

"Atate, bwerani. Koma osakweza mawu, mwamva?"

"N'chiyani?"

"Amayi anadzinyowetsera kalekale, Nyimba tisanafike. N'chifukwa chake sakutsika. Ndipo akulankhula zosamveka."

M'basimo munali ngati mu uvuni wa njerwa. Ndinawapeza atatsamira pawindo, milomo itang'ambika ndi kuyera, maso atalowa m'kati. Atandiona ananditcha "aphunzitsi", monga anali kuwatchulira atate awo amene anamwalira kale, n'kundifunsa ngati mbuzi zalowa m'khola. Mayi Daka anandikankhira kunja, naitana amayi ena awiri. Anawasintha chitenje, n'kuwatulutsa chonyamula, kuwagoneka pa mphasa ya munthu wina m'munsi mwa basi.

Anthu anatizinga. A Mbewe anagwada pambali n'kutembenukira kwa ine.

"A Sakala, amayiwa sanadye kuyambira m'mawa. Shuga watsika uyu. Mlongo wanga anali kutero, tikamupatsa shuga anali kudzuka."

"Inde, watsika," anavomereza ena amene matendawa sanawaonepo.

Ine ndinali kudziwa kusiyana kwake. Shuga akatsika munthu amatuluka thukuta, amanjenjemera. Apa khungu linali louma gwaa, lotentha. Koma choyezera ndinalibe, ndipo zoti sanadye zinali zoona, ndipo zoti jakisoni sindinawabaye sindinauze munthu. Ndikanati ndinene pamenepo, a Mbewe akanadziwa, basi yonse ikanadziwa. Ndinangoti, "Tiyese."

Mayi Daka anang'amba paketi ya shuga wawo wa malonda osafunsa mtengo. Agogo ena amene anali atabisa kabotolo ka madzi m'chitenje pamene kondakitala anali kusonkhanitsa anakatulutsa. Tinasungunula masupuni atatu. Kapu ndinagwira ndine. Amake Lute anamwa mosapuma, atagwira dzanja langa ndi manja onse awiri kuti ndisachotse. Anapempha ina. Ndinawapatsa ina. Madzi oyamba kumwa kuchokera pa Katete anali amenewo.

Shuga akakhala kuti watsika, munthu amatsitsimuka mphindi zochepa, n'kuyamba kufunsa kuti anthu mwasonkhaniranji. Tinadikira. Mphindi khumi, makumi awiri. Analeka kulankhula za mbuzi. Ndikawaitana anali kungotsegula maso pang'ono n'kutsekanso.

Ndinatsegula chitini chija. Kansalu kanali katauma kalekale, kabotolo kali kofunda ngati dzira limene nkhuku yangoikira. Amayi aja anaimirira ndi zitenje kutizungulira, ndipo ndinawabaya pa ntchafu jakisoni wa m'mawa uja, dzuwa litapendeka. Singano ndinachita kulowetsa kawiri. A Mbewe anaona chitinicho, kenako anaona ine.

Magalimoto anali kudutsa mwa apo ndi apo. Ndinakaima pakati pa msewu ndikukuwa, manja m'mwamba, ndipo madalaivala poona chimunthu cholusa m'mapiri muja anali kundikhotera n'kuwonjezera moto. Atatu anandidutsa choncho. Wachitatu ndinamugenda.

A Mbewe anandigwira paphewa. "A Sakala, kakhaleni ndi odwala."

Anavala jekete yawo m'kutentha konseko, n'kuima m'mphepete mwa msewu atakweza dzanja limodzi. Lole yoyamba yomwe inabwera, yonyamula mtedza, inaima. Sindinamve zimene anakambirana. Ndinangoona dalaivala akutsika n'kumasula tenti. Tinawagoneka amake Lute pamwamba pa matumba. Mayi Daka sakanasiya katundu wawo, koma anakwera pa tayala n'kundipatsa chitenje chawo china chowatchingira dzuwa.

"Muyende bwino, atate. Ku chipatala musakakalipe."

Pa mlatho wa Luangwa msilikali anakwera kudzaona katundu, anayang'ana amake Lute, anatsika n'kutikwezera mtengo wotchinga msewu osafunsa chiphaso. Kutsidya, pamene amagulitsa nsomba zouma ndi madengu, ndinathamanga kukapempha madzi. Mayi wina anandipatsa chidebe chonse. Ndinakwera nacho, ndinawadzutsa mutu, ndinaika kapu pakamwa. Madzi anali kutulukira m'mbali mwa milomo. Sanali kumezanso. Ndinanyowetsa nsonga ya chitenje n'kumawapaka pamilomo, kuchokera pa mlathopo, Rufunsa, Chongwe, chidebe chodzaza chili pakati pa miyendo yanga, madzi akukhavukira pa mtedza wa eni ake. Za msewu wotsalawo ndilibe chokamba. Tinafika kuli mdima.

Ku chipatala kamakina koyezera magazi kanakana kuwerenga, poti shuga anali atapitirira pamene iko kamalekezera. Anawaika madiripi mikono yonse iwiri. Dokotala wina wachinyamata anandifunsa kuti jakisoni womaliza anabayidwa liti. Ndinamuuza zoona, za m'mawa ndi za pa Kacholola, ndi za makapu awiri a shuga. Ndinali kufuna andikalipire. Iye anangolemba.

"Shuga wa m'kapuyo si amene wawafikitsa apa, bambo. Jakisoni munalumpha, chilonda chakweza shuga, ndiye thupi lauma. Akanamamwa madzi njira yonse bwenzi afika akuyenda."

Ndinatulutsa kalata ya phazi ija, itanyowa ndi thukuta. Anaiwerenga n'kundibwezera. Anati za phazi tikamba munthuyu akadzuka, panopa sangalikhudze.

Masiku atatu ndinakhala pa benchi la pakhonde. Nthawi yoona odwala ikakwana ndinali kulowa, osayang'ana kumaso, kuyamba ndayang'ana kumapazi. Tsiku loyamba kachala kanali katada. Tsiku lachiwiri zala zonse. Tsiku lachitatu kudako kunali kutafika pa kakolo, ndipo odwala a pa bedi loyandikana anapempha kuti awasunthe chifukwa cha fungo.

Anadzuka tsiku lachitatulo masana. Anandizindikira. Anafunsa ngati Lute tamutumizira uthenga, n'kupempha mpango wa kumutu. Asisita aakulu a m'chipindamo, mayi wa imvi wa mawu amphamvu, anabwera ndi faelo n'kukhala m'mphepete mwa bedi.

"Amayi, matendawa mwakhala nawo zaka, malamulo ake muwadziwa. Ulendo wautali chonchi, kutentha konseku, madzi simunamwe chifukwa chiyani? Kapena abambowa sanakunyamulireni?"

Amake Lute anayang'ana kudenga.

"Ananyamula, asisita. Chigubu chodzaza. Kangapo konse anandifunsa."

"Nanga?"

"Ine ndinalibe ludzu."

Asisita aja anatembenuka n'kundiyang'ana nthawi yaitali, cholembera chili m'mwamba, kudikira ngati ndili ndi choonjezera. Ndinayang'ana pansi. Analemba zimene anauzidwazo, n'kutseka faelo.

Lachisanu anadula mwendo m'munsi mwa bondo. Pa pepala lovomereza ndinasaina ndine.